Dzino Lachitatu la Kiyi

Dzina loti a Tupa analipezera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pomwe anadula makiyi zaka makumi awiri, tupa kumanja tsiku ndi tsiku. Ntchito ankaidziwa, apa tisaname. Kiyi akangomuyang'ana kamodzi, mano ake ankawasunga m'mutu. Koma ntchito yomweyo inawaolera mumtima. Anaona amuna akudulitsa makiyi a zibwenzi, ana akudulitsa a kuchipinda kwa makolo, mpaka kwa iwo aliyense wofuna kiyi wapadera anali mbava kapena wachigololo.

Kunyumba kwawo makiyi analipo awiri basi, wawo ndi wa akazi awo, onse atawadinda timizere titatu kumutu. Chitseko chinali chachitsulo, mawindo otchingidwa ndi zitsulo, loko wosankha okha. M'katimo munkagona mayi awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi. M'mawa uliwonse akazi awo ankawasambitsa apongozi awowo, kuwaikira mbaula pakona kuti asazizidwe, kukhoma, ulendo kukasoka zovala. Kangapo konse anadandaula kuti wodwala satsekeredwa ngati katundu, kiyi wina azikhala kwa aneba. Yankho la a Tupa linkakhala mbama.

Tsiku lina masana panafika mwamuna wamtali, malaya obookabooka ndi moto, n'kupereka kiyi kuti amudulire wina. Timizere titatu! A Tupa anamuzindikira pomwepo: anali kiyi wa akazi awo. Anamufunsa mwaulemu kumene amagwira ntchito, iye n'kunena kuti amawotcherera zitsulo, wangochita kumene lendi shedi ina, ndipo anatchula msewu wawo womwe. Nkhope sankadziwana, poti a Tupa ankachoka shediyo isanatsegulidwe.

Sanakuwe. Anadula kiyi uja bwinobwino, koma pa dzino lachitatu anapala mopitiriza pang'ono, kuchepa kwake ngati nsonga ya chikhadabo. Kiyi wotere amalowa mosavuta, koma kutembenuka ayi. Anamupatsa akumwetulira, amvekere mumtima, ukathyoke mtima pakhomo panga, galu iwe.

Madzulo sanafunse n'komwe. Anawagwira akazi awo tsitsi, kuwawombetsa kukhoma, kuwaponda ndi nsapato za kuntchito. Mayi awo ankayesa kukuwa pabedi, koma lilime lolemera lija silinkatulutsa mawu omveka.

"Bambo ake, ndinachitira amayi anuwa," anatero akazi awo, magazi akuchucha m'kamwa. "Munthuyo amakhala pashedi tsiku lonse. Chitagwa china, angatsegule ndani?"

A Tupa anati bodza lotero akanamize agogo awo, n'kuwapotokola mkono mpaka unalira thyo. Kutacha, akazi awowo anasiya kiyi wawo patebulo n'kupita kwa mchimwene wawo, mkono uli lendelende.

Mkwiyo sunathe. A Tupa anawoloka msewu ndi paipi yachitsulo, namupeza wowotcherera uja atawerama pa geti lomwe ankalumikiza. Anamusasantha kumaso kawiri, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Anthu anawagwira, koma iwo anali akutukwanabe. Kenako anabwerera m'nyumba, n'kuyatsa okha mbaula koyamba m'moyo wawo. Posadziwa pomwe inkakhala, anaiika pafupi ndi bedi, pomwe bulangete linkalendewera. Anakhoma, makiyi onse awiri m'thumba, ulendo kuntchito.

Uthenga unawapeza dzuwa lili pamutu. Anathamanga mpaka nsapato imodzi kutsala mumsewu. Utsi wakuda unkatuluka m'zitsulo za mawindo, azimayi akuthira madzi a m'zidebe amene sankafika pabedi. Magetsi anali atazima, ndiye makina odulira zitsulo anangokhala chete. Amuna ankamenya chitseko ndi nyundo, koma a Tupa anachisankha okha kuti nyundo isachithe.

Pachitsekopo panali wowotcherera uja, nkhope yotupa, diso limodzi lotsekeka, zikhatho zitasupuka ndi chitsulo chotentha. A Tupa anamukankha, natulutsa kiyi wawo. Sanalowe. M'bowo munali chiduswa cha kiyi wina, wothyokera momwemo.

"Ndinayesetsa, akulu," anatero munthuyo, mawu akutuluka movutikira m'kamwa mophwanyika. "Analowa bwinobwino, koma amakana kutembenuka. Ndinakakamiza mpaka wathyoka. Amayi anali akugogodabe."

Chitseko anachigwetsa ndi galimoto patapita ola lathunthu. Mayi aja anawapeza pansi kuseri kwake, atadzikoka ndi mkono umodzi kuchokera kuchipinda.

A Tupa akadalipo pakhonde paja, aonda ngati tupa yemwe. Akazi awo sanabwerere. Makiyi amadulabe, koma akafika pa dzino lachitatu amalakwitsa kapalidwe, moti makasitomala ambiri anasamukira kwina. Kamutu ka kiyi wothyoka uja anakatola paphulusa, ndipo amayenda nako m'thumba la malaya. Apolisi analemba kuti inali ngozi ya mbaula. Wowotcherera uja mpaka lero amadziimba mlandu kuti anapotoza kiyi mwamphamvu kwambiri, ndipo a Tupa sanamuuzebe.