Ntchito ya Malemu ku Damu

Bambo a ana anga anamwalira Lachiwiri, cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamsewu wa ku Likuni. Lole inawagunda ali panjinga. Ine ndinali pakhomo pathu ku Chinsapo, ndikukazinga mandasi, pamene wakabaza wina anabwera kudzandiuza.

Ntchito yawo inali ku damu, kumene anthu opeza bwino amapikisana pa timaboti ta thanga Loweruka. Iwo ndiwo ankaimika mlongoti, kukweza thanga ndi kumanga zingwe, eni ake n'kungofika kudzakwera. Ndinkapitako nthawi zina kukagulitsa mandasi, n'kumawaona atagwada m'boti. Koma chingwe ndinali ndisanagwirepo.

Titaika maliro ku Ntcheu, apongozi anandilamula kuti ndikhale pakhomo ndi mpango wakuda mpaka tsiku lometa. Osakazinga, osapita kumsika. Anatumiza alamu anga, ang'ono awo a malemu, kuti adzakhale nafe. Ufa wa pamaliro unatha msanga. Ana anayamba kugonera phala lamadzimadzi, ndipo wamng'ono ankalira mpaka mawu kusasa.

Kenaka akapitawo a ku damu anaimba foni. Anati ngati pali mwana wamwamuna wamkulu abwere Loweruka, apo ayi malo a malemu apatsa wina. Ana anga onse ndi aakazi, ndiponso ndi aang'ono.

Loweruka m'mawa alamu anandipeza ndikuvala nsapato.

"Mlamu, ulendo wa kuti?"

"Ku damu."

"Nkhata za pamanda sizinafote n'komwe! Ndikawauza chiyani amayi?"

"Mukawauze kuti adzukulu awo sadya mpango."

Ndinatuluka, n'kuuyamba wa ku damu.

Akapitawo atandiona anagwira pakamwa. "Mayi, ine ndinati mwana wamwamuna." Ndinawachonderera mpaka anatopa nane. Anandilozera boti la mayi wina wamagalasi, nati ndilikonze aone.

Mlongoti akapitawo anandithandiza kuimika. Thanga ndinakweza ndekha. Panatsala chingwe chimene amati vang'i, chokhala ndi timawilo kumapeto konse. Mbali ina imakoledwa patsinde pa mlongoti, ina pamtanda umene umagwira thanga m'munsi. Ntchito yake ndi kukokera mtandawo pansi kuti mphepo isaunyamule. Izi ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa ndi mbali yoyenera kukhala pansi. Kufunsa ndinaopa, poti akanati uyu sadziwa kanthu. Ndinangokola, n'kukoka, chinalimba.

Mayi uja anakwera. Atafika pakati pa damu mphepo inakula. Ndinaona mtanda ukukwera, thanga likufufuma ngati thumba. Iye anapapasa pansi kufuna chingwe choti akoke, osachipeza, poti chinali kulendewera m'mwamba. Boti linapendekeka, n'kugwa cham'mbali.

Ndinathamangira m'madzi. Kusambira sindidziwa, koma ndinalowa mpaka m'chiuno ndikukuwa. M'mutu mwanga munali maliro achiwiri, opha ndili ine, ndi apolisi, ndi ana anga atsala okha ndi alamu. Akapitawo anandikoka pamkono. "Mufuna timize awiri? Taonani uko!" Mayi uja anali ataponda kale pansi pa boti, akulidzutsa.

Anafika kumtunda madzi akuchucha.

"Vang'i wamanga ndani?"

Ndinagwada m'matope.

"Ndi akazi a malemu aja," anatero akapitawo.

Mayi uja anandiyang'ana, nayang'ananso mpango wanga. "Dzukani, amayi. Kugwa m'madzi ine ndimagwa ngakhale amange ndi mngelo. Koma ichi mwachizondotsa. Bwerani."

Anamasula, nandipatsa m'manja. Anandionetsa mbali yokhala ndi timano togwira chingwe, kuti imeneyo ndiyo ya patsinde pa mlongoti, pamene dzanja la woyendetsa limafika. Anandiuza ndiongole zingwe zisapiringizane, ndikole, ndikoke pang'ono, ndione ngati mtanda ukutsika. Ndinakola. Anati ndimasule ndiyambirenso. Ndinabwereza mpaka zala zinatupa, misozi ikugwera pa timawilo.

Ntchito ya malemu sindinaipeze. Akapitawo anapatsa mwamuna wina wa ku Kawale, ndipo sindingawadandaule. Koma mayi uja anati boti lake ndizikonza ine, ndipo pambuyo pake anandipezera la mnzake.

Nditafika kunyumba tsikulo ndinapeza alamu atanyamula chikwama chawo. Anakanena zonse ku Ntcheu. Tsiku lometa linafika osandiitana, ndipo apongozi mpaka lero sayankha foni yanga. Zimandiwawa, chifukwa tinkagwirizana.

Masiku ano ndimakazinga mandasi mkati mwa sabata. Loweruka ndimakwera minibasi mpaka ku Likuni, kenaka kabaza, n'kukamanga maboti awiri aja.