Chitupa cha mkulu wanga

Mkulu wanga anamwalira nyengo yokumba mtedza, m'zaka zija za Chitaganya. Anali atabwerako ku mapulazi a fodya ku Halale ndi jekete lakuda, bokosi lachitsulo ndi chifuwa chimene chinakana kumusiya. Ine nthawi imeneyo mawu anali atangoyamba kumene kusintha. Ndinali wamtali ndithu, koma pachibwano panalibe ndi kandevu komwe.

Titameta maliro, atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anaitanitsa abale. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, komanso anali mkulu wa mpingo m'mudzi mwathu, kufupi ndi Sinda. Mwambo umene anakonza tsikulo mpingo unkaletsa, n'chifukwa chake tinachitira kuseri kwa nkhokwe, apabanja okhaokha, mowa uli m'chipanda chovundikira ndi dengu. Anandikhazika pamphasa, nandiveka jekete la malemu, kenaka anathira ufa pansi.

"Mphwanga, dzina lako laubwana lathera pano," anatero. "Walowa dzina la mkulu wako. Khasu lake ndi lako, bokosi lake ndi lako, zake zonse ndi zako. Iye uja ndiwe."

Amayi analulutira chapansipansi kuti anthu a tchalitchi asamve. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse unkandiitana ndi dzina la mkulu wanga, ndipo ine ndinkavomera monyadira. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Mwana akauzidwa ndi atsibweni ake kuti iwe ndiwe uje, akafunsenso kwa yani?

Thonje litathyoledwa, atsibweni anatsekula bokosi lija ndi manja awo n'kutulutsamo chitupa. Linali pepala limene mwamuna aliyense wamkulu ankayenda nalo, lolembapo dzina, mudzi, mfumu ndi zidindo za msonkho. Popanda limenelo palibe amene akanakulemba ntchito kutali. Anandiuza kuti lole ya olemba anthu a kumapulazi iima pa Katete, ndipite ndikaveke amayi.

"Nanga akaona kuti ndine wamng'ono?" ndinafunsa.

"Pepalali likunena dzina, ndipo dzinalo ndi lako. Wabodza ndani pamenepa?"

Yankho limenelo linandikwanira. Ndinanyamuka wapansi ndi mbatata zootcha m'thumba, manja a jekete nditawapinda kuti zala zioneke.

Pa Katete amuna anali atandanda m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo mesenjala wa boma ankayang'ana zitupa munthu asanakwere lole. Atafika pa ine anayang'ana pepala, nayang'ana ine, nabwereranso papepala.

"Zidindo zonsezi n'zako?"

"Inde, bambo."

"Ndiye kuti msonkho unayamba kukhoma uli kumsana kwa amako eti? Vula jekete. Kweza manja."

Umu ndi mmene boma linkadziwira zaka za munthu masiku amenewo: m'khwapa. Mwanga munali see. Mzere wonse unafa nacho chiseko, wina n'kunena kuti abwana a fodya ayamba kulemba ndi anapiye omwe. Ine sindinaseke ndipo sindinaope. Ndinamuuza mesenjala uja kuti chitupa n'changa, dzina n'langa, ndipo akapitiriza kundinyoza amva kwa atsibweni anga. Anandigwira pamkono n'kupita nane kuboma, lole ija inapita popanda ine.

Mlandu unalowa kwa bwana DC, mzungu wofiira khosi, ndipo pambali pake panaima womasulira. Ndinafotokoza zonse: mphasa, ufa, jekete, mawu a atsibweni. Womasulira uja anali Mchewa mnzathu, mwambowo ankaudziwa, ndipo ndinaona kuti akuyesetsa kuulongosola bwino. Bwana anamvetsera, kenaka anati lamulo silidziwa zolowa dzina. Chitupa cha munthu wakufa chimabwezedwa kuboma, ndipo mwana wosakwana msinkhu akachinyamula ndi mlandu. Koma anawonjezera kuti ngati pali munthu wamkulu amene anandipatsa, mlanduwo ndi wa wamkuluyo, mwina mpaka ndende, ine andimasula. Anatumiza mesenjala kukaitana atsibweni.

Kunena zoona, mawu oti ndende sanalowe m'mutu mwanga. Ndinangomva kuti atsibweni akubwera, mtima n'kukhala pansi. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndinkaganiza kuti akangofika, awalongosolera azunguwo mwambo wathu mwaukulu, nkhani n'kutha.

Anafika atavala malaya oyera a Lamulungu, Baibulo lili m'khwapa. Anabwera ndi mlaliki wa mpingo wathu, amayi akutsatira pambuyo. Atsibweni sanandiyang'ane. Womasulira atawafunsa ngati ndiwo anandipatsa chitupa, anapukusa mutu mwachisoni ngati munthu amene ali pamaliro.

"Bwana, ine ndine mkulu wa mpingo, awa abusa athu andichitire umboni. Zothira ufa pansi ndinazisiya ndisanakwatire. Mwanayu anathyola bokosi la malemu n'kuba pepalalo, ife tinangoona kuti wasowa pamudzi."

Ponena za ine anatchula dzina langa laubwana, lomwe lija ananena okha kuti latha. Ndinaimirira osauzidwa.

"Atsibweni, nanga jekete ili anandiveka ndani?"

"Nalonso anaba," anatero, akuyang'ana bwana DC.

Ndinatembenukira kwa amayi. Palibe amene anawafunsa kanthu, ndipo iwo anangoweramira pansi, akupotokola nsonga ya nsalu yawo. Womasulira anatembenuza mawuwo monga mmene analili. Ndikhulupirira kuti ankadziwa amene akunama, koma ntchito yake inali kumasulira basi.

Bwana anagamula kuti popeza ndine mwana sanditsekera m'ndende, koma ndikwapulidwe zikoti, chitupa chilandidwe, ndipo ndidzabwere kudzatenga changa ndikadzakula. Anandigoneka pabenchi kuseri kwa ofesi, nandiyala kansalu konyowa kumatako. Zikotizo zinawawa, sindinama, ndinalira ngati mbuzi. Koma munthu wondikwapulayo sindinamusungire kanthu kukhosi mpaka lero. Iye sanali kundidziwa, ndipo sanandilonjezepo kanthu.

Pobwerera atsibweni anatsogola panjinga ndi mlaliki. Ine ndi amayi tinayenda wapansi, ine ndikutsimphina. Titapitirira midzi ingapo ndinawafunsa chifukwa chake sanalankhule.

"Ukanakonda kuti mlongo wanga amangidwe?" anatero. "Akachotsedwa pa ukulu wa mpingo, manyazi ake tikawaika kuti? Mbumba yonseyi aiyang'anire ndani? Iwe ndiwe mwana, zako zipola."

Khoswe anali pamkhate, ndipo aliyense anasankha kusunga mkhate. Ndinapsa mtima kwambiri njira yonse mpaka kufika kumudzi. Mbiri inali itatsogola kale, kuti mwana wa uje anabera wakufa. Kwathu kuba nkhuku amakuseka, koma kuba za munthu amene ali kumanda amakuopa. Anzanga amene tinkakumba nawo mbewa ankapatuka akandiona, ndipo amayi ena ankalowetsa mbale m'nyumba ndikamadutsa.

Ndinkayembekezerabe kuti atsibweni andiitana paseri, angonena kuti mphwanga, ndinachita mantha. Zimenezo zokha zikanandikwanira. Anandiitanadi, koma kunali kundiuza kuti Lamulungu ndikaime kutsogolo kwa mpingo, chifukwa ndinali mwana wa kalasi ndipo wakuba salandira ubatizo asanalape.

Tchalitchi chinadzaza tsikulo, ngakhale aja ankangobwera pa Khirisimasi analipo. Amene anatsogolera mwambo wa olapa anali atsibweni omwewo. Anandiimika pakati, nawerenga lamulo loti usabe, kenaka anandiuza kuti ndinene ndi pakamwa panga chimene ndinachita. Ndinatseka pakamwa. Anabwereza, ine duu. Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa atsibweni. Onse amene anali kuseri kwa nkhokwe tsiku lija anali m'tchalitchimo, ndipo aliyense mwa iwo akanatha kuimirira n'kunena zoona.

Atsibweni anamwetulira n'kuuza mpingo kuti mwanayu manyazi amumanga lilime, koma mumtima walapa. Kenaka anakweza mawu.

"Abale ndi alongo, kodi timukhululukire wakubayu?"

"Inde!" unayankha mpingo.

Ine maso anga anali kumbali ya azimayi. Ndinkangopempha mumtima kuti munthu mmodzi yekha akhale chete. Amayi anayankha nawo, ndipo mawu awo ndinawamva bwinobwino pakati pa onsewo.