Manja a Achimwene Salola Munthu Kugwa

Lamlungu, pa 16 Novembala. Ndakhala m'khitchini ndi kapu ya madzi otentha a ndimu ndi uchi, chifukwa mawu andithera. Amayi angobwera kumene kuchokera kuntchito kwawo kuchipatala ndipo akungondiseka. Akuti chibadwire changa sanandimvepo nditasasa mawu, ndiye akudabwa kuti munthu amene m'kalasi amayankha ngati akunong'oneza khoma wakawataya kuti. Ndilembe zonse mwandondomeko ndisanaiwale.

Achimwene anga ali chaka chachiwiri ku yunivesite kuno ku Leicester, m'dziko la England. Ndi aakulu thupi, moti akaima pakhomo la khitchini ino amayi amayatsa getsi. Chaka chatha chonse moyo wawo unali kalasi, kunyumba, shifiti ya kuntchito, kunyumba. Analibe mnzawo ndi mmodzi yemwe wowaimbira foni. Ndiye mu Seputembala anyamata ena anawaimitsa panjira, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwafunsa ngati anasewerapo mpira wa ku Amereka, uja amavala zisoti ndi zotukumula mapewa. Achimwene anati ayi. Anyamatawo anati zilibe kanthu, bola thupi lilipo.

Kuyambira pamenepo munthu anasintha. Foni yawo imalira ngakhale tikudya. Amaimba m'bafa. Amabwera ndi matope mpaka m'makutu, akumwetulira, ndipo akamanena za anzawo amati "ife".

Mpira umenewu ndinachedwa kuumvetsa. Pali mnyamata mmodzi amene amauponya, ndipo a timu inayo amafuna kumugwetsa asanauponye. Kutsogolo kwake kumaima anyamata asanu akuluakulu, phewa ndi phewa, ngati mpanda. Ntchito yawo ndi kutchinga basi, iwo amati kubuloka. Sagoletsa, ndipo palibe amene amawaombera m'manja. Amaloledwa kukankha munthu pachifuwa, koma kumukumbatira kapena kumukoka ndi mlandu. Oyimbira amaponya kansalu kachikasu pansi, timu yonse n'kubwezedwa m'mbuyo. Achimwene ndi mzati wachiwiri kuchokera kumanzere pampandawo.

Lamlungu latha ndinapita koyamba kukaonera. Tinakwera mabasi awiri, mvula ikuwaza. Oonera tinali ochepa kuposa osewera: atsikana angapo okhala ndi maambulera, bambo wina ndi galu wake, ndi ine kumapeto kwenikweni, nditadzikwirira m'jekete. Ndinkajambula ndi foni kuti manja akhale ndi chochita.

Kansalu kachikasu kanagwa kanayi, ndipo katatu kanagwera achimwene. Koma choipitsitsa chinachitika chakumapeto. Achimwene anakankha mnyamata wina, mnyamatayo n'kugwa chagada. M'malo moyang'ana wina wobwera, iwo anawerama n'kumupatsa dzanja kuti adzuke, wezulo asanalire. Pampata umene anasiyawo panadutsa chimnyamata china, n'kukamugwera woponya wathu, kamnyamata kowonda ka ku Corby. Kanadzuka pang'onopang'ono, udzu uli m'chisoti. Timu inagonja.

M'basi achimwene anadikira mpaka titafika ku Belgrave, pamene anthu ambiri anatsika.

"Kochi akuti Lamlungu likubwerali ndi lomaliza," anatero, akuyang'ana pawindo. "Ndikabwereza za lerozi, ndikhala pa benchi mpaka sizoni ithe."

Pa benchi sathamangitsa munthu. Koma ine achimwene ndimawadziwa, manyazi athu ndi amodzi. Akanapita kawiri katatu, kenako akanati ali ndi shifiti, foni n'kuyambanso kukhala chete.

"Nanga mumawagwiriranji?" ndinafunsa.

"Ndikanadziwa bwenzi nditasiya. Kochi akuti mapazi anga ndi aulesi. Ena akuti ndimaopa. Ine ndimangomva wezulo, ndapezeka ndamukumbatira munthu."

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinatsegula buku la masamu, koma ndinathera kuonera zimene ndinajambula zija. Ndinabweza, n'kubwezanso. Ndinaona kuti munthu akabwera ndi mphamvu, achimwene amaima bwinobwino, manja ali pachifuwa pake monga mwa lamulo. Vuto limayamba munthuyo akapepuka. Akangoterereka pang'ono kapena kupendekera kumbali, dzanja lamanzere la achimwene limathamangira pansi pa chigongono chake, lamanja kumsana.

Manja amenewo ndinali nditawaonapo. Achimwene amagwira ntchito masiku atatu pa sabata kunyumba yosamalira okalamba, ife timangoti ku keya. Tsiku lina pa holide anaiwala chakudya chawo, amayi n'kundituma kuti ndikawapatse. Ndikudikira pakhomo ndinaona pagalasi agogo ena aamuna akudzuka pampando. Miyendo inawanjenjemera, mutu unayamba kupita kutsogolo. Ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa, achimwene anali atafika kale, dzanja lina pansi pa chigongono, lina kumsana, akuwalankhula motsitsa mpaka agogowo anaima. Ntchito imeneyi aigwira zaka ziwiri. Kumeneko munthu kugwa ndiye chinthu choopsa kuposa zonse, ndipo manja amaphunzira kufika mutu usanaganize.

Ndinazisunga mumtima masiku awiri. Ndine yani ine, mwana wasukulu, kuti ndiuze munthu wa ku yunivesite zimene kochi wake sanazione? Ndinalemba pakapepala kuti ndikalowetse kunsi kwa chitseko chawo, kenako ndinakang'amba. Lachitatu tikudya mpunga wa nyemba ndinangozilankhula, maso ali m'mbale.

"Achimwene, inu simugwira anthu chifukwa akukuposani mphamvu. Mumawagwira akayamba kugwa."

"Wati chiyani? Kweza mawu iwe, sitili m'tchalitchi muno," anatero achimwene.

Ndinangowapatsa foni. Amayi anaimirira n'kudzaonera nawo pamwamba pa phewa. Ulendo woyamba amayi anasendeza nkhope pafupi. Wachiwiri anagwira m'chiuno. Wachitatu anayamba kuseka mpaka anakhala pansi, akupukuta misozi ndi nsalu yopukutira mbale.

"Mwana wanga ine! Anzako ali pankhondo, iwe uli pa shifiti!"

"Amayi, si zoseka izi."

"Ndani akuseka? Ndinakulera bwino, vuto lake ndi limenelo. Kochi wakoyo abwere adzandithokoze."

Achimwene anaonera kasanu, chakudya chikuzizira. "Ndiye kuti ineyo ndimamuimika bwinobwino munthu," anatero, "kuti apeze mphamvu zondidutsira."

"Mwangotsala kumufunsa ngati wamwa mankhwala," ndinatero ine. Sindikudziwa kuti mawuwo anachokera kuti. Achimwene anandiyang'ana ngati mpando walankhula, kenako nawonso anaseka.

Lachinayi madzulo, kusanade, tinatuluka kuseri kwa nyumba. Kabwalo kathu n'kakang'ono, masitepe asanu wafika kumpanda, ndipo udzu wake suuma mwezi uno. Amayi ndi amene anayamba kudzipereka. Anatenga khushoni ya pa sofa, n'kuigwira pachifuwa, n'kutambasula miyendo ngati anabadwira m'masewerawa.

"Bwera! Kankha!"

Achimwene anaika manja kumbuyo. "Amayi, munthu angakankhe mayi ake? Mukufuna tsoka lindigwere?"

"Ndakuloleza ndine."

"Ngakhale mulembe kalata."

Ndiye khushoni inabwera kwa ine. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi magolovesi awo a uvuni, aja olumikizana opanda zala, akuti munthu atavala amenewo sangagwire kanthu. Malamulo anali apafupi. Achimwene akankhe khushoni pang'ono, ine ndidzigwetse chagada, iwo andisiye.

Sizinatheke. Ndikangoyamba kupendekeka, ndinkapezeka ndili m'mwamba, atandipana ndi magolovesi mbali zonse ngati thireyi yotentha.

"Ameneyo si keke!" amayi ankakuwa pawindo la khitchini. "Muike pansi!"

A neba athu, bambo achikulire amene amakonda maluwa awo, anasuzumira pampanda. Anayang'ana chimunthu chovala magolovesi a maluwamaluwa chitanyamula mtsikana ndi khushoni, anatipatsa moni mwaulemu, n'kulowa m'nyumba. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Lachisanu zinali chimodzimodzi. Achimwene ankalumbira kuti ulendo uno andisiya, ankafika potseka maso, koma manja ankandipezabe.

Loweruka m'mawa mpamene zinasintha. Ndikuyamba kupendekeka, amayi anatopa nazo n'kukuwa ndi mawu aja amatiitanira tikakhala m'chipinda chapamwamba: "Msiye agwe!" Manja a achimwene anaima m'malere. Ine phwata, m'matope.

Anaima pamwamba panga. "Wapweteka? Mutu wagunda? Ndione chigongono."

"Achimwene, wezulo sanalire. Yang'anani kutsogolo."

Tinabwereza mpaka buluku langa linanyowa lonse. Tinapeza kuti amayi akakuwa, manja amamvera. Akakhala chete, manja amabwerera ku keya. Kenako amayi anakumbukira kuti Lamlungu ali pa shifiti kuyambira m'mawa. Onse awiri anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ine ayi," ndinatero.

"Usadandaule," achimwene anatero msanga. "Ndizidzikuwira ndekha mumtima." Anandichotsera tsamba m'tsitsi. Akanandikakamiza mwina ndikanakana zenizeni.

Lero m'basi ndinkayeseza mawuwo m'kamwa osawatulutsa. Pabwalo panali anthu omwe aja, galu yemwe uja. Ulendo uno sindinaime kumapeto. Ndinasendera pafupi ndi mzere, pambali pa atsikana a maambulera.

Mpata woyamba unabwera msanga. Mnyamata amene anayang'anizana ndi achimwene anaterereka, ndinaona dzanja lamanzere la achimwene likunyamuka, ndinatsegula pakamwa. Panangotuluka mpweya. Kansalu kachikasu kanagwa. Kochi anavula chipewa n'kuchimenyetsa pantchafu, ndipo pa benchi mnyamata wina anaimirira n'kuyamba kumanga chisoti chake. Achimwene sanayang'ane kwa kochi. Anatembenuza mutu kufunafuna pamene ndinaima, atandipeza anangogwedeza mutu pang'ono, ngati akuti palibe kanthu, usadandaule. Zimenezo n'zimene zinandipweteka.

Anafolanso. Mpira unayamba. Mnyamata yemwe uja anabwera mothamanga, achimwene anamulandira pachifuwa, mapazi ake anayamba kuchoka pansi.

"Msiyeni agwe!"

Galu anauwa. Maambulera onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale oyimbira mmodzi anacheuka. Koma mnyamatayo anagwa yekha, bwinobwino, popanda womuthandiza, ndipo achimwene anali atakumana kale ndi wina. Ka ku Corby kanaponya mpira kali chiimire. Mnyamata wa pa benchi uja anaima kanthawi, kenako anamasula chisoti n'kukhala pansi.

Kuchokera pamenepo sindinasiye. Manyazi anali atandichitikira kale, sakanachitikanso kawiri. Ndinkakuwa ngakhale pamene panalibe wogwa aliyense. Popumulira mmodzi wa atsikana aja anandifunsa m'Chingerezi tanthauzo lake. Nditamuuza anaseka kwambiri, n'kuuza anzake, ndipo chigawo chachiwiri tinkakuwa tonse. Mmene iwo ankawatchulira mawuwo, amayi akanawamva akanafunsa kuti n'chilankhulo chanji, koma achimwene ankamva.

Timu yagonjabe, chifukwa mbali yakumanja ya mpanda uja nayo ili ndi matenda ake amene ine sindikuwadziwa. Koma kansalu sikanawagwerenso achimwene. Masewera atatha kochi anawamenya pamsana n'kunena kuti malowo ndi awo. Anawonjezera kuti akusangalala kuti mapazi ayamba kuyenda. Achimwene anati zikomo, ine ndinayang'ana kumbali. Ka ku Corby kanabwera kudzandigwira dzanja, malaya ake ali opanda matope, akuoneka mtundu wake weniweni kwa nthawi yoyamba, kananena zambirimbiri, koma ine ndinangoona nsapato zake. Tinachedwa basi chifukwa achimwene anayendera mmodzimmodzi anyamata onse amene anawagwetsa, kuwafunsa ngati ali bwino.

Panopa ali pabalaza, akusita yunifolomu yawo ya ku keya, foni ikungolira pambali pawo. Mawa ali ndi shifiti ya m'mawa. Ndikuwayang'ana manjawo ndipo ndikuda nkhawa, chifukwa sabata ino tawaphunzitsa kusiya munthu, tawaombera m'manja atamusiya. Amayi akuti ndisade nkhawa, zaka ziwiri sizingafufutike ndi masiku atatu. Mwina akunena zoona. Komabe mawa ndidzuka sikisi isanakwane, ndikaima pakhomo asanatuluke, ndipo ngakhale mawu akhale asanabwerere ndikawanong'oneza kuti lero aliyense wopendekeka amugwire.