Choyala cha Chakufwa

A Zebedee Mwafulirwa a ku Mlare anali mlimi wa mpunga ngati anzawo onse, kungoti iwo ankaweta nsato. Anaitola ili kamwana, itawauka ndi moto wa lupsa, naitcha Chakufwa chifukwa palibe ankayembekeza kuti ichira. Inachira, inanenepa ndi makoswe a m'nkhokwe, ndipo inkakhala m'bokosi lamatabwa kuseri kwa nyumba. Anthu ananena za ufiti mpaka pakamwa panatopa. Mkuluyo ankangoseka, Lamulungu n'kukaimba besi kutchalitchi.

Chimene chinawasowetsa mtendere ndi choyala m'bokosimo. Mchenga unkamatirira pa khoswe, njoka n'kumezera kumodzi, kukamwa n'kutupa. Mankhusu a mpunga, amene ku Karonga sasowa, ankaibaya, ndipo dzinja litafika anachita nkhungu. Utuchi wa kwa kalipentala ndiye unaipumitsa movutikira ngati nkhalamba ya fodya. Kumimba kunabuka zilonda, Chakufwa n'kusiya kudya. A Zebedee anada nkhawa zedi, nawonso chakudya chinayamba kuwakanika.

Anakadandaula kwa a Kenan, mlangizi wa ziweto wochokera ku Ntcheu.

"Bambo, ine ndinaphunzira za ng'ombe," anatero mlangiziyo, "koma chilonda chilichonse chimafuna pouma. Yalani nyuzipepala. Ilibe fumbi, sibaya, ikada mumangochotsa." Anawapatsanso mulu wa zakale.

Akazi awo, a Yunike, atatambasula yoyamba anagwira pakamwa.

"Awiske Emma, mwaona koma?" anatero, kuitana mwamuna wawo monga bambo wa mwana wawo Emma.

Zaka zimenezo za chipani chimodzi, nyuzipepala yopanda chithunzi cha mtsogoleri wa dziko inali yosowa. Kukulungiramo usipa kokha munthu ankachita mantha, nanga njoka kuchitirapo chimbudzi?

"Mukufuna mukawolere kundende chifukwa cha chinyama chanuchi?" anafunsa mayiwo.

A Zebedee anakhala pansi. Kubwerera ku mankhusu kunali kupha Chakufwa, kuyala mapepalawo kunali kudziputira unyolo. A Yunike njokayo ankadana nayo, koma mwamuna wawo ankamukonda. Anatenga lumo n'kuyamba kudula chithunzi chilichonse mosamala. Kutaya sakanataya, kutentha ndiye ayi. Anaphika phala la chinangwa n'kumazimata pakhoma la pabalaza.

Miyezi inapita, zilonda zinauma, Chakufwa anafundula chikopa chonse chathunthu. A Zebedee anayenda nacho mudzi wonse akuonetsa anthu amene sanapemphe kuchiona.

Koma mudzi suusunga chinsinsi. Tsiku lina masana kunafika a Ambokile, tcheyamani wa nthambi ya chipani, nkhope ili gwa.

"Adada, ndamva kuti njoka yanu imagonera nyuzipepala."

A Zebedee anawatsogolera kuseri kwa nyumba. Tcheyamaniyo anaima patali ndi bokosi, n'kutukula pepala ndi ndodo yaitali. Linali lobooka pakati ngati zenera. Lachiwiri chimodzimodzi.

"Zithunzi zili kuti?"

"Lowani m'nyumba, a tcheyamani," anatero a Yunike.

Munthuyo atalowa anapeza khoma lonse, kuchokera pansi mpaka kudenga, likumuyang'ana ndi nkhope imodzi. Anavula chipewa, nawongola kolala. Kunyumba kwake kunali chithunzi chimodzi chokha, chomwecho chodyeka ndi chiswe.

Pamsonkhano wotsatira anaimiritsa a Zebedee pamaso pa anthu onse, nalamula kuti aliyense wokhala ndi nyuzipepala yakale azikapereka kwa bambo ameneyu, chifukwa ndiye akudziwa kulemekeza mtsogoleri. Anthu omwe aja ankanena za ufiti anayamba kubwera ndi mitolo pamutu.

"Yewo chomene," ankatero a Zebedee polandira, chimwemwe chitadzaza tsaya, pakuti Chakufwa sanasowenso pogona pouma.

A Yunike okha ndi amene anausa moyo, lumo lili m'manja.

"Awiske Emma, yambani kuumba njerwa. Khoma latha."