Tsiku Limene Mzere Unakwera

Pafamase ya mlamu wawo ankawatcha Nachiwerengo. Ntchito yawo inali yogulitsa mankhwala, koma mtima unali pa insaikulopediya ya pa intaneti, ija amalembamo aliyense wofuna. Ankalembamo zaumoyo m'chinenero chawo, ndipo masana anzawo akamadya, iwo ankatsegula foni n'kumaona mzere wosonyeza kuchuluka kwa anthu amene awerenga tsamba lililonse ndi amene asinthamo mawu. Kwa zaka zambiri mzerewo unkangokwawa pansi.

"Owerenga anu aja lero alipo angati, mlamu? Awiri, kuphatikiza inuyo?" mwini famaseyo ankawaseka choncho.

Kenaka kunagwa matenda otsegula m'mimba. M'mawa wina anthu anadzaza mpaka pakhomo. Nachiwerengo atasuzumira pafoni kuseri kwa shelefu, anapeza mzere wa tsamba lawo la kathiridwe ka mankhwala m'madzi akumwa utaima njo! Owerenga masauzande. Asanasangalale n'komwe, anaona kuti tsambalo lasinthidwa. Munthu wosadziwika anali atachulukitsa muyezo wa mankhwalawo, ati kuti tizilombo tife msanga.

Nachiwerengo anabwezeretsa muyezo woyenera. Atathandiza mayi wina n'kuyang'ananso, uja anali atasinthanso.

"Mlamu, anthu akudikiratu kuno!"

"Ndikubwera, alamu."

"Foniyo taikani pansi!"

"Taonani izi kaye."

Mwini famaseyo anawerenga muyezowo, n'kuyang'ana amayi obereka ana amene anaima kutsogoloko. Anangovala gauni loyera n'kuima yekha pakauntala.

Nachiwerengo anakakhala pakatoni m'chipinda chosungiramo katundu. Akakonza, uja n'kusintha. Akakonza, uja n'kusintha. Analembera oyang'anira insaikulopediyayo kuti atseke tsambalo lisasinthidwenso, koma yankho osabwera. Batire linali kutha, owerenga akungochuluka. Analemberanso munthu uja mwaulemu, kumufotokozera kuti muyezo wakewo ungavulaze ana. Thukuta linanyowetsa kolala ya gauni lawo.

Chakumasana oyang'anira aja anatseka tsambalo, muyezo woyenera uli momwemo. Nachiwerengo anapumira m'mwamba, koma mtima sunakhale pansi. Mzere uja unkangonena kuchuluka kwa owerenga. Sunkawauza kuti ndi angati anawerenga zolakwikazo n'kukathira m'ndowa zawo.

Anabwerera pakauntala. Aliyense wogula mankhwala a madzi ankamugwira mkono, kumuuza muyezo, n'kumupempha kuti aubwereze pakamwa asanatuluke. Pofika nthawi yoweruka mawu anali atasasa, ndipo ankangolankhula monong'ona.