Mwendo Wamanja wa a Dalaivala

Mbiri inayambira pometera tsitsi, ndipo nkhani ikabadwira pamenepo imafika kumsika itamera kale ndevu. Ankati a Dalaivala a kwa Adona, aja a nyumba ya kumunsi kwa chitunda, mwendo wawo wamanja wayamba kunjenjemera. Akati aponde buleki, mwendo umavina wokha, galimoto n'kumalira ngati munthu wokukuta mano kutulo. Enafe tinati ndi bodza la anthu osowa chochita. Koma geti la Adona tinaliona ndi maso athu litapindika pamimba, komanso munthuyo ndi wamkulu. Ndiye tinakhulupirira theka, theka linalo tinasungira mawa.

A Dalaivala anaphunzira ntchito pa malole onyamula matabwa, nthawi imene chiwongolero chinkafuna mapewa osati zala. Amene anawaphunzitsa anali munthu wa khofi lapafupi, ndipo zimene anawauza zinalowa kudzera m'tsaya, n'chifukwa chake sizinatulukenso. Ankati poterera suponda buleki n'kukakamira, chifukwa matayala amauma, lole n'kumatsetsereka ngati sopo m'bafa. Umaponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, ngati ukupopa njinga. Ankatinso lole ikamadumphadumpha ponyamuka usaisemere chinyau, ndi mwendo wako ukunjenjemera pa kilachi. Galimoto silakwa, umalakwa ndi mwendo.

Malole atawathyola msana anapita ku mabasi. Mabasi atawathera mawu chifukwa chokangana ndi okwera, anapeza ntchito kwa mwamuna wa Adona, munthu wa sitolo ya utoto ndi misomali. M'nyumbamo ananyamula aliyense. Ana anawapititsa kusukulu mpaka anakula, mwana wamkazi anamutenga pa tsiku la ukwati wake, ndipo bwana atamwalira ndi iwo amene anayendetsa Adona pambuyo pa bokosi. Kuyambira pamenepo ntchito inali imodzi: Adona kusitolo m'mawa, Adona kunyumba madzulo, pakati pake kudikira pamthunzi n'kumapukuta galasi loyera kale.

Ntchitoyo inali ndi kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu, chipinda ndi pabalaza, denga lodontha pakona imodzi yokha. Akazi awo anadzala masamba m'matayala akutha n'kuwandandalika m'mbali mwa khoma. Kwina kopita kunalibe. Ana awo anali m'zipinda za lendi zimene ngakhale mphaka amalowa chammbali. Makiyi a galimoto ndiwo anali denga lawo, ndipo onse awiri ankadziwa, ngakhale sankazinena.

Galimoto yakale itatopa, mkamwini wa Adona, munthu wa muofesi wokonda kuyankhula pa foni akuyenda, anabweretsa ina yonyezimira. Anaponya makiyi n'kunena kuti galimoto ndi galimoto, madala akuidziwa kale. A Dalaivala sanafunse kanthu. Dalaivala wa imvi safunsa munthu wovala tayi kuti ichi chimatani. Anangoizungulira, n'kumenya tayala ndi nsapato, n'kuvomereza.

Nthawi yadzuwa zonse zinayenda bwino. Mavuto anabwera ndi mvula. Msewu wa kumeneko umatsika chitunda n'kudzathera pageti penipeni, ndipo madzi amakokolola timiyala ndi matope n'kuzisiya pomwepo. Madzulo ena akutsika, Adona ali kumbuyo ndi chikwama pamiyendo, a Dalaivala anaponda buleki mwamphamvu pang'ono. Pansi pa phazi panachita gwedegwede, ngati chinthu chamoyo chikufuna kutuluka, ndipo kutsogolo kunamveka kukukuta. Phazi linadzichotsa lokha monga linaphunzitsidwira, n'kupondanso. Gwedegwede. Anaima geti lili pamphuno.

Adona anafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Iwo anati ndi timiyala chabe. Koma mumtima anali ataona kale bambo awo omwalira, amene pa ukalamba manja ankanjenjemera mpaka tiyi ankamwera m'mbale. Galimoto yatsopano singadwale. Ndiye wodwala anali ndani?

Atafika kukanyumba anakhala pampando, n'kukweza mwendo m'mwamba, n'kuuza akazi awo kuti auyang'anitsitse. Mwendo wa munthu wamkulu ukaukweza nthawi yaitali umatani? Unayamba kunjenjemera.

"Mwaona?" anatero a Dalaivala.

"Ndaona munthu wamkulu akuonetsa denga chidendene. Tsitsani, bambo, mungagwe."

Anaseka mayiwo, koma m'mawa mwake anakagula mafuta otentha aja onunkha mpaka kumsewu. Ankawatikita bondo m'mawa uliwonse, n'kulimanga ndi nsalu mkati mwa buluku. Tiyi wakuda anawaletsa, ati ndiye amagwedeza mitsempha. Munthu amene wamwa tiyi wakuda moyo wake wonse anayamba kumwa madzi otentha ngati wodwala m'mimba.

Pamsewu anayamba kuyenda ngati anyamula mazira. Buleki ankayamba kuinyengerera ali pamwamba pa chitunda, kuti asafike poiponda mwamphamvu. Anthu a njinga ankawapitirira n'kumawapatsa moni. Adona ankafika kusitolo makasitomala atatopa kudikira pakhonde, ndipo tsiku lina anafunsa ngati mafuta akuthera m'njira. A Dalaivala anati msewu waipa. Masiku ouma phazi linkakhala phee, iwo n'kumati mafuta otentha aja agwira ntchito. Mvula ikagwa, gwedegwede, n'kumati kuzizira kwadzutsa matenda.

Akazi awo anauza mayi wochapa zovala za Adona, mwachinsinsi, pofuna kumva ngati akudziwa mankhwala ena. Wochapayo anauza mlonda wa pageti, mwachinsinsinso. Mlondayo ndi munthu wa dazi, koma amapita kometa sabata iliyonse.

Kenaka linafika tsiku la geti. Mvula inali itagwa masana onse, mlonda anachedwa kutsegula chifukwa ankafunafuna chipewa chake, ndipo a Dalaivala anazindikira mochedwa kuti chitsulo chikadali chotseka. Anaponda. Gwedegwede. Anachotsa phazi, anapondanso, anachotsanso, ndipo pakati pa kuchotsachotsako galimoto inkangopitabe. Geti linalira kamodzi. Palibe anavulala, nyali imodzi yokha ndiyo inasweka. Koma a Dalaivala anatuluka atagwira bondo, mlonda akuona, ndipo umboni wina sunafunikenso.

Adona anawaitanira kukhitchini, osati pabalaza, n'kuwauza kuti akhale. Anali atamva kale mbiri ija, pakuti mwini nyumba amamva pomaliza koma amamva ndithu.

"Akulu, mwandiyendetsa zaka zonsezi. Musandibisire. Za mwendozi n'zoona?"

"Mwendo ndi wanga, Adona. Sindingaukane."

Adona anayankhula akuyang'ana makapu. Anati mawa mkamwini awatengere kuchipatala. Dokotala akapeza kuti ndi zoona, afunika kupeza dalaivala wina, ndipo dalaivala winayo adzafuna pogona. Sanatchule kanyumba, koma panalibe pena pogona pamalopo. A Dalaivala anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo, pafupi ndi shuga.

Madzulo amenewo anakhala pa kreti ya mabotolo kunja kwa kanyumba, osavula nsapato. Akazi awo ankalowa n'kutuluka, kuyang'ana mapoto, kuyang'ana bedi, ngati munthu woyeza ndi maso chimene chingakwane pa ngolo. Chodabwitsa n'chakuti a Dalaivala sanamve mantha okha. Anamvanso kutopa kwa zaka zonse kukutsika m'mapewa, ndipo kamtima kena kankanong'ona kuti mwina kugona mpaka dzuwa litatuluka si chinthu choipa. Koma ukagona mpaka dzuwa litatuluka, umagona pati? Anafunsa akazi awo ngati mwana wawo wamkulu angawalandire. Mayiwo anati angawalandire ndithu, bola wina azigona choimirira.

M'mawa kunali kamvula kowaza. A Dalaivala anakhala kumpando wa okwera, malo amene sanakhalepo chiyambire. Manja anasowa pogwira, ndipo phazi linkaponda buleki ya m'maganizo pakona iliyonse. Mkamwini ankayendetsa ndi dzanja limodzi, akufotokoza kuti ukalamba si mlandu, kuti ngakhale iye tsiku lina adzapuma. A Dalaivala ankangoti inde, bwana.

Pafupi ndi mphambano, munthu wokankha wilibala ya njerwa anatulukira kuseri kwa lole yoima. Mkamwini anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Galimoto inakukuta, kukukuta komwe kuja, ndipo inaima wilibala ikudutsa bwinobwino. Mkamwini anatsitsa galasi n'kumuuza munthuyo mawu amene sitingalembe pano.

A Dalaivala sanaone wilibala. Ankayang'ana mapazi awo, onse awiri ali phee pa kapeti. Kenaka anayang'ana bondo la mkamwini.

"Bwana, nanunso mwendo wayamba?"

"Mwendo wanji?"

"Wanjenjemera. Ndamva."

Mkamwini anaimika galimoto pambali n'kuzimitsa foni, chinthu chimene sachita ngakhale pamaliro. Anafunsa ngati phokoso limenelo ndilo lakhala likuwavutitsa. A Dalaivala atavomera, mkamwini anawauza kuti amenewo ndi mabuleki a ABS. Tayala likafuna kuuma poterera, galimoto imagwira n'kusiya yokha, mofulumira kuposa phazi la munthu aliyense, ndipo kugwedera kuja ndi kulira kuja ndiye kuti ikugwira ntchito. Chofunika n'kuponda osachotsa phazi mpaka iime. Ukachotsa, waisokoneza.

"Ndiye kuti imadzipopera yokha," anatero a Dalaivala.

"Eya."

"Nanga ine ndizitani?"

"Muzingoponda, madala."

Anawatengera kuseri kwa nyumba ina yosungiramo katundu, kumene kuli bwalo la timiyala lopanda anthu, n'kusinthana nawo mipando. Anati athamange pang'ono, kenaka aponde ngati akupha njoka. A Dalaivala anathamanga, anaponda, gwedegwede, phazi n'kudzichotsa. Anayesanso, linadzichotsanso. Mutu unali utamva, koma phazi linali la mphunzitsi wa malole uja, ndipo silinkamvera munthu wa tayi. Mkamwini anayamba kuseka, kenaka ataona thukuta pamphumi pa mkuluyo anasiya. Pomaliza a Dalaivala anagwira bondo ndi dzanja lamanzere n'kulikanikizira pansi, mano ali gwa. Galimoto inakukuta, inagwedera, n'kuima mowongoka pafupi kuposa mmene ankayembekezera.

Injini inkangolira pansipansi. Mkamwini anafunsa chifukwa chake sananene nthawi yonseyi kuti galimoto ikuchita phokoso.

"Inu munanena kuti imatero?" anatero a Dalaivala.

Mkamwini anayatsanso foni yake.

Kuchipatala anapitabe, chifukwa Adona anali atalamula, ndipo mawu a mkamwini paokha sakanakwanira. A Dalaivala anakhala pabenchi m'mawa wonse pakati pa anthu otsokomola, bondo likununkha mafuta otentha mpaka mayi wina anasuntha. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo womaliza. Anawamasula nsalu ija, anagogoda bondo ndi kanyundo, anawayendetsa kupita kukhoma n'kubwerera, anawauza atambasule manja. Anati magazi akuthamanga pang'ono, achepetse mchere, ndipo nsaluyo asiye kumanga chifukwa ikutupitsa mwendo. Za kunjenjemera sanapeze chilichonse.

Pobwerera anayendetsa ndi a Dalaivala. Sanasangalale monga mungaganizire. Ankaganiza za mawa m'mawa, kudzuka kusanache, kupukuta galasi, kudikira pamthunzi, ndiponso za phazi limene liyenera kuphunzira ntchito yatsopano pa msinkhu umene anzake akupuma. Adona anamva zonse ataimirira pakhonde, anapukusa mutu, n'kuuza mkamwini kuti geti akonzetse ndi iyeyo. Makiyi anabwerera m'thumba la a Dalaivala tsiku lomwelo, ndipo m'kanyumba muja akadalimo mpaka lero.

Mwendo wa a Dalaivala sunkanjenjemera. Anali mabuleki.