Zotseka m'makutu

Linali Lachisanu loyamba la mwezi wa Febuluwale, hafu sikisi m'mawa, pamene madamu anagogoda pakachipinda kanga kuseri kwa khitchini. Chinali chaka chija ntchito zinagwa ku Dubai. Abwana anali atachotsedwa kukampani yomanga nyumba, ndipo m'nyumba yathu ya ku Mirdif munali makatoni okhaokha. Mwezi umenewo ukatha ankayenera kubwerera kwawo. Viza yanga inali m'dzina lawo, choncho iwo akanyamuka nanenso ndinayenera kunyamuka, pokhapokha banja lina litanditenga. Kumudzi ku Machinga ndinasiya mwana wamkazi wa zaka ziwiri kwa amayi anga, ndipo onse awiri ankadalira manja angawa.

"Konzeka, tikupita kukawombera mbalame," anatero madamu. "Kukakhala mnzanga wina, dokotala, akufuna munthu wantchito. Ndikakuonetsa kwa iye. Koma ukalankhule wekha, ndipo mawu akamveke. Amene anali naye anamubweza chifukwa ankangoyang'ana pansi."

Pamenepo ndiye panali vuto langa. Kuyambira ndili mwana mawu anga amathera pammero. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ndipo Chingelezi changa chinali cha m'khitchini. Mlendo akandifunsa kanthu, ndinkayankha kumapazi kwake.

Koma za mbalamezo zinandikondweretsa. Ndinaika beseni ndi mpeni wakuthwa m'jumbo. Poti ndine Msilamu, ndinati zimene zigwe zikadali ndi moyo ndizizinga ndekha, kuti nanenso ndidyeko.

Tinadutsa nyumba zazitali zosatha kumanga, zopanda mawindo, wantchito osaoneka ngakhale mmodzi. Kenako tauni inatha, kunatsala mchenga. Ndinkasuzumira pawindo n'kumadzifunsa kuti mbalamezo zimatera pati, poti mtengo weniweni kunalibe.

Kumaloko tinapeza anthu ambiri ovala zipewa ndi magalasi, mfuti zawo zili zopinda pakati, atazikoleka pamapewa. Madamu anapita kukalembetsa, ine ndinaima pambali ndi jumbo yanga. Bambo wina wakuda ngati ife, amene ankadzaza makina, anayang'ana jumboyo, n'kuyang'ana ine.

"Ba sisi, beseni ni ya chani?"

Ndinadzidzimuka kumva chinenero chakwathu pakati pa mchenga. Anali wa ku Chipata.

"N'la mbalame, achimwene."

Anaseka mpaka kugwira mawondo. Anatola kambale kadothi, kofiira ngati lalanje lakupsa, kukula kwake ngati sosala, n'kundipatsa. "Mbalame zanu ni izi. Muzaphika na tomato olo na nshawa?"

Manyazi anandigwira, koma kambaleko sindinakabweze msanga. Kanali kopepuka, kosalala, kopanda mng'alu. Ndiye kuti kwinakwake kuli munthu amene ntchito yake ndi kuumba mbale zoti anzake aswe dala. Ine mlungu wonsewo ndinali ndikukulunga mbale za madamu m'nyuzipepala, imodziimodzi, mtima uli m'mwamba.

Unali mpikisano wa magulu a anthu anayianayi. Gulu limayenda kuchoka pamalo ena kupita pena, makina akuponya timbale m'mwamba, wina akuwerenga tomwe tasweka. M'gulu lathu munali madamu, abwana ndi dokotala uja, mayi wachiarabu wamtali, wolankhula mothamanga. Wachinayi sanabwere. Foni yake inali yozima, ndipo tinamva pambuyo pake kuti galimoto yake inapezeka itasiyidwa kubwalo la ndege, mwini wake atathawa m'dzikomo. Popanda wachinayi gulu silikanawerengedwa.

Dokotala anaunguza uku ndi uku, maso ake n'kuthera pa ine. "Yalla, tiyeni, nanga uyu?"

Ndinkafuna kukana, koma kukana nakonso kumafuna mawu. Ndinangoona ndavekedwa chovala cha matumba, magalasi ndi zotseka m'makutu pamwamba pa mpango wanga. Mphunzitsi, mkulu wina wa ku Pakistan, anandionetsa poika tsaya ndi pokanikiza phewa, naima kumbuyo kwanga dzanja lili pafupi ndi mfuti. Anati ndikakonzeka ndinene kuti "pulu", bambo wa ku Chipata uja akamva adina batani.

Mfuti inali yolemera ngati musi. Ndinati Bismillah chamumtima, kenako ndinati pulu.

Palibe chinatuluka.

"Ba sisi, mukamba na nyerere?" anafuula bambo uja.

Ndinamumva bwinobwino n'kucheuka, ndipo mphunzitsi anazindikira kuti zotseka m'makutu sizinakhale bwino chifukwa cha mpango. Anazikonza, n'kuzikanikiza ndi manja awiri. Dziko lonse linati zii. Ndinkangomva mtima wanga ukugunda.

Ndinatinso pulu. Sindinadzimve, ndiye ndinaganiza kuti ndanong'onanso. Ndinawonjezera mphamvu.

Kambale kanatuluka kuseri kwa mulu wa mchenga, kanadutsa mwaliwiro ngati namzeze. Ndinakoka chala. Mfuti inandimenya paphewa ngati bulu, kambale kanapitirira ulendo wake. Nditacheuka ndinaona anthu akuseka, madamu atayasama. Bambo wa ku Chipata anandiuza pambuyo pake kuti mawu anga anafika pamalo a gulu lina, mnzake wa kumeneko n'kudina batani munthu wake asanakonzeke.

Zimenezi zinandidabwitsa kuposa mfuti. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti manyazi amakhala pakamwa, koma tsiku limenelo ndinayamba kukayika kuti mwina amakhala m'makutu. Ndikadzimva ndekha ndikulankhula ndimachita mantha n'kubweza mawu. Pamene sindinkadzimva, panalibe wondibweza.

Tinayenda malo onse. Pena timbale tinkachokera pansanja pamwamba pa mutu, pena tiwiri tinkapingasana. Ine ndinkaphonya, n'kumatiyang'ana tikutera mumchenga tathunthu, bwinobwino ngati waika munthu. Kambale kamodzi kokha kanasanduka fumbi m'mwamba, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinachita mosiyana. Zotseka m'makutu sindinavule, ngakhale poyenda.

Tili panjira yopita kumalo omaliza, dokotala anabwera pambali panga. Ndinaona milomo yake ikuyenda. Ndinati chamumtima basi, nkhani ya ntchito ija ndi imeneyi, ndikaphonya pano kwatha. Ndinamuyang'ana kumaso n'kukhuthula Chingelezi changa chonse. Ndinati ntchito ndikuifuna. Ndinati ndimaphika, ndimasita, ana ndimawadziwa chifukwa ndili ndi wanga. Ndinati Lachisanu ndimafuna nthawi yoimbira foni kumudzi, ndipo galu ndikhoza kumupatsa chakudya koma kumusambitsa ayi.

Anthu a gulu lakutsogolo anacheuka. Dokotala anatukula chotseka cha khutu limodzi, phokoso lonse n'kubwerera.

"Habibti, wokondedwa, ndimangofunsa ngati phewa likupweteka."

Ndinalakalaka mchenga utandimeza. Iye ankapukuta misozi ya kuseka.

"Khalas, basi, ndamva. Dubai yense wamva. Ubwere mawa m'mawa kunyumba tidzakambirane bwinobwino. Sindinalonjeze kanthu, wamva?"

Gulu lathu linathera kumunsi kwenikweni. Abwana sanadandaule, aka kanali koyamba kuwaona akuseka chichotsedwereni ntchito. Potsanzika, bambo wa ku Chipata anati, "Mukapeza nchito mutikumbukire, ba sisi. Kuno nakonso makina yayamba kuchepa."

M'mawa mwake phewa linali litatupa, dzanja losakwezeka bwino. Ndinavala mpango wanga wabwino n'kuyenda wapansi, poti nyumba ya dokotala inali ku Mirdif komweko, kuseri kwa mzikiti. Pageti panali kabokosi kolankhulira. Ndinadina belu.

"Ndani?" anatero mawu a dokotala m'kabokosimo.

Ndinatsegula pakamwa, mawu n'kuima pammero monga mwa masiku onse. Mumsewu munali mlonda akutsuka galimoto, akundiyang'ana. Kabokosi kanafunsanso, tsopano mosaleza mtima.

Ndinaika chikwama pansi, ndinatseka makutu onse awiri ndi zala, ndinanena dzina langa ndi chimene ndabwerera. Yankho lake sindinalimve. Ndinangoona geti likutseguka, ndinatola chikwama n'kulowa.